Kalata kwa Nduna ya Maphunziro ku South Africa: mwana asamaope kupita kuchimbudzi

Olemekezeka Mayi Siviwe Gwarube,
Nduna ya maphunziro a pulayimale ndi sekondale,

Ndikupatsani moni mwaulemu. Ndine mayi wochokera ku Malawi, ndimakhala ndi kugwira ntchito ku Johannesburg, ndipo ana anga amaphunzira m'sukulu za boma zimene inu mukuyang'anira. Kalatayi ndailemba m'Chichewa kuti makolo anzanga a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amene tili kuno awerenge nawo, chifukwa nkhaniyi timaikamba chonong'ona m'matekisi ndi pabwalo la tchalitchi, koma ikafika pa msonkhano wa makolo timangoti duu.

Pempho langa ndi lakuti mphunzitsi wamkulu aliyense akhale ndi malangizo olembedwa, omveka, ochokera ku unduna wanu, omuuza chochita mwana wa transgender akafuna chimbudzi kapena malo osinthira zovala, ndipo malangizowo abwere limodzi ndi ndalama zoikira zitseko zokhoma. Ndikunena mwana amene anabadwa ndi thupi la mnyamata koma iye amadzidziwa kuti ndi mtsikana, kapena amene anabadwa ndi thupi la mtsikana koma amadzidziwa kuti ndi mnyamata. Ana otere alimo m'sukulu zanu. Kaya ife makolo tikumvetsa kaya sitikumvetsa, belu la buleki likalira nayenso amakhala atapanikizika ngati mwana wina aliyense, ndipo ayenera kudziwa chitseko choti alowe popanda kumenyedwa.

Dzina la Nare Mphela mukulidziwa. Anali mtsikana wa transgender wa ku Ga-Matlala m'chigawo cha Limpopo, ndipo m'zaka za 2013 ndi 2014 anazunzika pa sukulu yake ya sekondale. Chimene chimandiwawa kwambiri pa nkhani yake n'chakuti nkhanzazo sizinayambire kwa ana anzake. Bwalo linamva kuti mphunzitsi wamkulu ndiye ankawatuma ana kuti azimuputa kuchimbudzi, azimugwira kumaliseche kuti aone chimene chilipo. Taganizani, Mayi. Munthu amene boma linam'patsa udindo woteteza ana, ndiye ankaloza mwana mmodzi n'kuuza enawo kuti kamugwireni. Nare analephera mayeso a matric, omaliza a sekondale, mu 2014. Bungwe loona za ufulu wa anthu la South African Human Rights Commission linamutengera nkhaniyo ku Equality Court ya ku Seshego, bwalo loweruza milandu ya tsankho, ndipo mu 2017 bwalolo linalamula dipatimenti ya maphunziro ya Limpopo kuti imulipire R60,000, ina mwa ndalamazo yoti apezere uphungu ndi kumalizira maphunziro ake. Kumayambiriro kwa 2020 anapezeka ataphedwa m'dera la Mokopane. Sindikunena kuti imfa yake inachokera kusukulu. Ndikunena kuti zaka zochepa zimene anakhala pa dziko lino, gawo lina anazitaya akuopa chimbudzi cha pa sukulu ya boma.

Chigamulo chimenechi chinaonetsa kuti malamulo aakulu a dziko lino samathera pageti la sukulu. Gawo 9 limaletsa kusala munthu chifukwa cha chibadwa chake chachimuna kapena chachikazi kapena chifukwa cha amene amakopeka naye. Gawo 10 likunena za ulemu wa munthu, gawo 28 likuti pa nkhani iliyonse yokhudza mwana zomukomera mwanayo ndizo zitsogole, gawo 29 likupatsa aliyense ufulu wa maphunziro. Dziko lino lilinso ndi lamulo la 2003 lolola munthu kusinthitsa zimene zinalembedwa m'kaundula wa boma zakuti ndi mwamuna kapena mkazi. Zonsezi n'zabwino. Koma mphunzitsi wamkulu wa ku Tembisa kapena ku Giyani, mwana akamuimirira pakhomo la ofesi akulira ndipo kunja kuli makolo okwiya, sangatsegule malamulo aakulu a dziko n'kupezamo chitseko choti amulozere mwanayo. Amachita zimene mtima wake wamuuza. Wina amachita chifundo. Wina amachita zimene anachita wa ku Ga-Matlala uja.

Mu November 2022, pa nthawi imene Mayi Angie Motshekga anali nduna, anthu anaona chikalata chimene unduna unkakonza chokhudza ana otere. Munali nkhani za yunifolomu, za dzina limene mwana akufuna kuitanidwa nalo, za kuthana ndi kuzunzana, komanso za zimbudzi ndi zipinda zosinthira zomwe aliyense angalowe. Dziko lonse linangomva chinthu chimodzi: zimbudzi zosakaniza. Mauthenga anazungulira pa WhatsApp kuti boma likufuna kugumula khoma la pakati pa anyamata ndi atsikana. Chipani cha ACDP ndi bungwe la Freedom of Religion South Africa anatsutsa, makolo anasaina zikalata zokana, unduna unayankha kuti chikalatacho chinali chongofunsira maganizo ndipo anthu akuchimva molakwika. Chigawo cha Western Cape nachonso chinali chitalemba chake mu 2020. Phokoso lija linasiya mantha m'mitima ya makolo ambiri, ndipo mantha amenewo sanachoke.

Manthawo ndikuwadziwa chifukwa nanenso ndili ndi mwana wamkazi. Ndikukupemphani kuti musawapeputse, ndipo aliyense wa mu unduna wanu asatchule kholo lamantha kuti ndi mbuli kapena munthu wachidani. Kale mu 2001 bungwe la Human Rights Watch linalemba za atsikana a m'sukulu za dziko lino amene ankagwiriridwa m'zimbudzi, m'makalasi opanda anthu ndi m'makonde, ndi anyamata anzawo komanso aphunzitsi. Mayi amene amauza mwana wake kuti usapite wekha kuchimbudzi, tengana ndi mnzako, sakulota ayi. Akudziwa dziko limene akukhalamo.

Koma tiyeni tiyang'anitsitse amene amavulaza atsikana athuwo. Mnyamata wofuna kuchita zoipa safunika kuvala siketi chaka chathunthu, kusekedwa ndi sukulu yonse, kukanidwa kwawo, kuti apeze njira yolowera m'chimbudzi cha atsikana. Amangolowa, chifukwa chimbudzicho chili kuseri kwenikweni kwa sukulu kumene mphunzitsi safikako, chitseko chinathyoka chaka chatha, loko anaba, babu linapsa. Chikwangwani cholembedwa kuti atsikana sichinaletsepo chigawenga. Chimene chimateteza mwana ndi chitseko chimene angakhome ali m'kati, ndi munthu wamkulu amene ali pafupi woti amve akakuwa. Ndipo mwana wa transgender, amene ambiri amamuona ngati chiopsezo, ndiye amene kawirikawiri amakankhidwira m'chimbudzi cha anyamata n'kutsekeredwamo ndi gulu.

Ena mwa anzanga amati, boma likutaya nthawi ndi ana ochepa pamene ana ena akufera m'maenje. Mawu amenewa ali ndi kulemera kwake. Michael Komape anali ndi zaka 5 pamene anagwera m'chimbudzi cha dzenje pa sukulu yake ku Chebeng, kufupi ndi Polokwane, mu January 2014, atangoyamba kumene sukulu. Banja lake linayenda m'makhothi mpaka December 2019 pamene khothi lalikulu la apilo, Supreme Court of Appeal, linalamula kuti lilipidwe R1.4 miliyoni. Lumka Mkhethwa, nayenso wa zaka 5, anafa imfa yomweyo ku Bizana mu March 2018. Malamulo a zomangamanga za sukulu a mu November 2013 anali ataletsa kale zimbudzi za maenje wamba, n'kupereka zaka 3 kuti sukulu zopanda chimbudzi chilichonse zithandizidwe. Pulezidenti Cyril Ramaphosa anakhazikitsa ndondomeko ya SAFE, yochotsa zimbudzi za maenje m'sukulu zimene zinalembedwa pa mndandanda, mu August 2018, ndipo inu mutalowa mu ofesi mu 2024 munaika tsiku la 31 March 2025 kuti maenje a pa mndandanda umenewo akhale atatha. Ndikukuthokozani chifukwa choika tsiku poyera, pomwe aliyense angakufunseni.

Kwa anzangawo ndimati ntchito ziwirizi ndi imodzi. Pamene mukukwirira dzenje n'kumanga chimbudzi chatsopano, ndi pomwepo pamene mmisiri ali ndi pulani m'manja, simenti ili pansi, ndalama zatuluka kale. Kuwonjezera kachipinda kamodzi kapena tiwiri tokhala ndi khomo lakelake, chitseko chofika pansi, loko wa m'kati, mpopi ndi bini, si kumanga sukulu ina. Kudzabwerera zaka zisanu zikubwerazi kudzagumula ndiye kuwononga ndalama. Ndipo kachipinda kameneko si ka mwana wa transgender yekha. Kadzathandiza mtsikana amene wayamba kumene kusamba ndipo akuchita manyazi kusintha padi anzake akumva. Kadzathandiza mwana woyenda pa njinga ya olumala, mwana wotsegula m'mimba, mwana amene ali ndi chipsera chomwe safuna kuti ena aone, ndi mwana wobadwa ndi ziwalo zosaoneka bwinobwino ngati ndi zachimuna kapena zachikazi, amene makolo ake akhala akumubisa chibadwire. Ana amenewa sitiwakamba n'komwe, koma anamwino ndi azamba akuwadziwa.

Ku England, malamulo a nyumba za sukulu a 2012 amati ana a zaka 8 kupita m'tsogolo akhale ndi zimbudzi zosiyana za anyamata ndi atsikana, kupatula ngati chimbudzicho chili m'chipinda cha munthu mmodzi chokhomeka m'kati. Ndikuona kuti maganizo amenewa angagwire ntchito kuno. Zimbudzi za atsikana zikhalepo, za anyamata zikhalepo, ndipo mukanene zimenezi mokweza kuti kholo lililonse limve ndi makutu ake, chifukwa bodza la 2022 lija lidakali moyo. Pambali pa izo pakhale za munthu mmodzimmodzi, zotsegukira mwana aliyense, pamalo oonekera kwa aphunzitsi.

Apa ndipemphe kuti musamale, chifukwa chinthu chabwino chikhoza kusanduka chilango. Ku America, m'boma la Gloucester ku Virginia, mnyamata wa transgender dzina lake Gavin Grimm analoledwa ndi mphunzitsi wamkulu kugwiritsa ntchito chimbudzi cha anyamata mu 2014, ndipo kwa milungu pafupifupi 7 panalibe vuto lililonse pakati pa ana. Anadandaula ndi akuluakulu. Mu December chaka chomwecho bodi ya sukulu inamuletsa, n'kumulozera tizimbudzi tapadera ndi cha kwa nesi. Chifukwa cha kutalika kwake ndi manyazi oti sukulu yonse ikudziwa chifukwa chimene akupitira kumeneko, mwanayo anayamba kudziletsa kukodza mpaka anadwala matenda a njira ya mkodzo. Anakasuma mu 2015, anamaliza sukulu mu 2017 mlandu usanathe, bwalo la apilo linamugamulira mokomera mu 2020, ndipo mu 2021 Supreme Court ya dzikolo itakana kuumvanso mlanduwo, bodi ija inalipira madola 1.3 miliyoni a maloya. Kumapeto kwa 2022 bwalo lina la apilo, pa mlandu wa ku Florida, linagamula mosiyana, kuti sukulu ikhoza kugawa zimbudzi potsata chibadwa. Lero mwana wa ku America ufulu wake umadalira dera limene makolo ake akukhala ndi chipani chimene chapambana chisankho. Sindikufuna kuti dziko lino lifike pamenepo, kuti mwana wa ku Cape Town azisamalidwa mwina, wa ku Polokwane mwina, ndipo aliyense azidikira khothi kwa zaka 6.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndikudziwa kuti amayi anzanga ena akawerenga andiyang'ana ndi diso lina Lamlungu. Kachipinda ka munthu mmodzi kakhale koyamba kuperekedwa, koma osati kokakamiza, osati ndi kiyi wokapempha ku ofesi pamaso pa anthu. Mwana amene wakhala nthawi yaitali akudziwika ndi anzake ndi aphunzitsi ngati mtsikana asakankhidwire ku chimbudzi cha anyamata, chifukwa tonse tikudziwa zimene zikamuchitikire kumeneko. Ngati zitseko za kwa atsikana zili zokhoma bwinobwino, ndipo sukulu yakhala pansi ndi mwanayo, ndi womulera, ndi mlangizi, sindikuona chimene mwana wanga angataye posamba m'manja pa mpopi umodzi ndi iye. Nkhani iliyonse iunikidwe payokha, pasakhale kuti mnyamata wadzuka lero n'kunena mawu awiri ndiye walowa. Aphunzitsi amawadziwa ana awo, amasiyanitsa mwana amene akuvutika ndi mwana amene akuchita chipongwe, ndipo wachipongweyo alangidwe monga mwa malamulo a sukulu.

Pa zipinda zosinthira zovala ndiye ndine wouma mtima pang'ono. Kuchimbudzi munthu amavula ali yekha. Kosinthira zovala za masewero ana amavula pagulu, ndipo pamenepo mtsikana aliyense ali ndi ufulu wokana kuvula pamaso pa munthu amene sakumasuka naye, popanda kufunsidwa chifukwa ndiponso popanda kunenedwa kuti ndi watsankho. Mwana wa transgender nayenso nthawi zambiri ndiye safuna n'komwe kuti thupi lake lionedwe. Choncho yankho ndi makatani ndi timagawo ta matabwa, kuti aliyense asinthe payekha. Sukulu zambiri za m'makomboni zilibe n'komwe chipinda chotere, ana amasinthira m'kalasi, atsikana atatchingirana ndi majuzi pamene anyamata akusuzumira pawindo. Zimenezo n'zosayenera kale, ngakhale pasukulupo pasakhale mwana wa transgender ndi mmodzi yemwe.

Chinthu chimodzi chilembedwe ndi zilembo zazikulu, chopanda "ngati" kapena "koma": palibe mphunzitsi, mlonda, kholo kapena mwana amene ali ndi chilolezo choyang'ana kapena kugwira thupi la mwana kuti atsimikize kuti ndi mnyamata kapena mtsikana. Wochita zimenezo wapalamula mlandu, ndipo apolisi adziwitsidwe. Lamulo limeneli lidzatetezanso atsikana ambirimbiri amene si a transgender koma ndi aatali, a mawu aakulu, ometa tsitsi, okonda mpira. Anthu akayamba kulondera pakhomo la chimbudzi kuti aone amene akuoneka ngati mkazi weniweni, oyamba kuchititsidwa manyazi amakhala ana amenewa.

Nkhani ya makolo ndi yovuta, ndipo sindikufuna kuibisa. Ine monga kholo ndingafune kudziwa chilichonse chokhudza mwana wanga, ndipo zingandipweteke kumva kuti sukulu inadziwa ine ndisakudziwa. Komabe ndikudziwa makomo ena kumene mwana akaululidwa usiku womwewo agona panja, kapena atumizidwa kumudzi kuti akamukonze. Malangizo anu athandize mphunzitsi kuyenda ndi mwanayo pang'onopang'ono mpaka afike kwa makolo ake, pamodzi ndi wogwira ntchito zachitukuko cha ana ngati pali chiopsezo, m'malo moimba foni tsiku lomwelo kapena kubisa mpaka kalekale.

Tsopano mundilole ndilankhule ndi a kwathu, inu mukumva. Tinachokera ku dziko kumene malamulo ndi ena. Tikukumbuka 2010, pamene Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza anagamulidwa zaka 14 atachita chinkhoswe ku Blantyre, mpaka Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira. Tiwonge, amene amadzidziwa kuti ndi mkazi, anadzathawira kuno ku South Africa. Tikukumbukanso June 2024, pamene khothi loona za malamulo aakulu ku Malawi linakana pempho la Jana Gonani, mkazi wa transgender amene anamangidwa ku Mangochi, ndi mnzake pa mlanduwo, loti malamulo oletsa kugonana kwa amuna okhaokha athetsedwe. Ambiri a ife tinakulira m'mipingo ndi m'mizikiti imene imaphunzitsa momveka pa nkhanizi, ndipo sindikupempha munthu kuti asiye chikhulupiriro chake. Koma abale anga, mu December 2019 khothi lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti mwana wopanda mapepala, ngakhale wa mlendo, asathamangitsidwe pa sukulu, chifukwa ufulu wa maphunziro ndi wa aliyense. Ana ambiri a Amalawi ali m'kalasi lero chifukwa cha chigamulo chimenecho. Magawo amene anatetezera ana athu, 9, 10, 28 ndi 29, ndi omwewo amene amateteza mwana wa transgender. Ifeyo tikudziwa kuwawa kwa kulozedwa chala pamzere, kufunsidwa kuti ndiwe wakuti, kuuzidwa kuti malo ano si ako. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sanawonjezere kuti pokhapokha ngati ukumumvetsa.

Mayi Nduna, phokoso la 2022 linakula chifukwa makolo anamva nkhaniyi koyamba kwa anthu owaopseza, unduna n'kubwera pambuyo kudzazimitsa moto. Ulendo uno yambani ndinu. Lamulo la sukulu la 1996 linapereka mphamvu zambiri kwa makomiti oyendetsa sukulu, ma SGB, momwe makolo ndiwo ochuluka. Tumizani anthu anu kumeneko ndi pulani ya chimbudzi m'manja, atisonyeze kuti apa ndi pa atsikana, apa pa anyamata, apa pa munthu mmodzi, loko ali apa, mphunzitsi wolondera aima apa. Alankhule m'zilankhulo zimene makolo amalankhula kunyumba, ndipo m'madera momwe alendo tachuluka apemphe mmodzi wa ife amasulire. Aitanenso abusa ndi mashehe, ayankhidwe mafunso awo mwaulemu. Afunsenso ana eni ake, atsikana pawokha, anyamata pawokha, ana a transgender pamalo pomwe sangaululike, kuti ndi ngodya iti ya sukulu imene amaiopa.

Ndikupemphanso kuti pamene mukuwerenga sukulu zimene maenje atha, muwerengenso zitseko. Chimbudzi chamadzi chopanda chitseko chimalowa m'lipoti ngati ntchito yatha, koma mtsikana wa giredi 8 salowamo, amadikira mpaka akafike kunyumba. Lipoti lililonse la chigawo lizinena kuti ndi zimbudzi zingati zimene zimakhomeka m'kati, ndi sukulu zingati zimene zili ndi kachipinda ka munthu mmodzi, ndipo ndani amene ali ndi udindo wokonza loko akathyoka. Ndipo monga munachitira ndi maenje, tiuzeni tsiku limene mphunzitsi wamkulu aliyense adzakhale ndi malangizo amenewa pa desiki yake.

Ine wanu mwaulemu,
Mayi wa ku Malawi wokhala ku Johannesburg